Mpunga wa pa Dzenje Lachisanu ndi Chiwiri

A Bartholomeo a ku Golomoti asamala kapinga pa bwalo la gofu zaka khumi ndi zinayi, koma gofuyo sanamenyepo ndi kamodzi komwe. Bwalolo linamangidwa pa dambo pomwe amayi awo ankalima mpunga.

Mmisiri wojambula bwalo anabwera mu Okutobala, nthaka itang'ambika ndi dzuwa. Anaponda makande aja nati apa mpouma, dzenje lachisanu ndi chiwiri likhale pompano. A Bartholomeo anamuuza kuti mu Febuluwale madzi amalekeza m'mawondo. Munthu wa mapepala angamvere wogwira khasu? Mmisiriyo anangoseka.

Ndiye chaka ndi chaka nkhani ndi yomweyo. Loweruka osewera a ku Lilongwe amandandalika ngati kuchigayo, mpira ukagwa pamenepo umangoti phwa m'matope, nsapato zoyera zija n'kutuluka zili bii. Wotukwanidwa ndi a Bartholomeo.

Koma chowadya mtima chinali china. Mvula ikagwa, m'mphepete mwa dzenjelo munkamera mpunga wa amayi awo, wofiira uja, wonunkhira mpaka kumsewu. Kumudzi mbewuyo inatha ndi njala ya 2002, anthu anadya ndi yosunga yomwe. Inatsala m'nthaka ya pabwalo pokha, ndipo ntchito ya a Bartholomeo inali youzula. Chaka chilichonse unkamera wocheperapo.

Chaka chatha anapeza mapando asanu ndi anayi basi. Anawazinga ndi zikhomo zoyera, zija zouza osewera kuti pano pakukonzedwa, nauza akazi awo a Cecilia kuti asungiretu malo kudimba. Ngala zinatuluka, zinayamba kuwerama. Kunatsala sabata ziwiri kuti zikhwime.

Loweruka lina mpira wa bwana wina unasowera momwemo, iye n'kukadandaula ku ofesi. Lolemba m'mawa a Bartholomeo anapeza thirakitala yadutsa kale, pansi pakununkha mankhwala opha udzu.

“Achimwene, ine ndangotumidwa,” anatero Wyson, dalaivala wake, maso ali kumbali.

A Bartholomeo anatola ngala imodzi, nafinya njere ndi chikhadabo. Munali mkaka wokhawokha. Anafinya ina, ndi inanso, mpaka anakhala pansi m'matopemo n'kulira, munthu wamkulu wa imvi, osewera akudikira kuti achokepo.

Chaka chino mvula yagwa bwino, madzi alekezanso m'mawondo. Pamenepo pamera kapinga yekhayekha, ndipo womutchetcha ndi a Bartholomeo omwewo.