Nkhope Yopalidwa

Sabata imeneyo ndinkagwira ntchito mtima uli m'mwamba. Bambo anga aang'ono anali ataimba foni kuchokera ku Zomba, kupempha kalata yowaitana kuti apezere viza. Ankafuna kudzaona akulu awo, ndiye kuti bambo anga, amene ndinkakhala nawo ku Gaithersburg, kuno ku Amereka, akudwala impso. Kalatayo ndinailemba, ndinkayenda nayo m'chikwama, koma kusaina dzanja linkakana. Chibadwire ndinali ndisanamvepo bambo akutchula dzina la mng'ono wawoyo, ndipo ine zobisabisa zimandinyansa.

Ntchito yanga inali kujambula ndalama zachitsulo zamakedzana m'kasitolo kena, kuti zigulitsidwe pa intaneti. Mwini sitolo, mzungu wokalamba wolongolola ngati wailesi, anandiikira patebulo ndalama ziwiri za mafumu a Aroma. Pa yoyamba panali anyamata awiri atagwirana chanza, malemba ozungulira akunena za mgwirizano. Pa yachiwiri panali mitu iwiri yoyang'anizana, koma umodzi unali utapalidwa, pongotsala pasee. Anati awiriwo anali pachibale ndipo ankalamulira limodzi, mpaka wamkulu anapha wamng'ono n'kulamula kuti nkhope yake ifafanizidwe paliponse. Nthawi imeneyo kunalibe nyuzipepala, mzunguyo anatero, choncho zimene mfumu inkafuna kuti ukhulupirire inkakuikira m'manja.

Ndinapsa mtima, ngakhale mwini sitoloyo sanalakwe kanthu. Amauza ndani? Ife tinakula nazo zimenezo: pa makobidi akwathu panali mutu wa mtsogoleri mbali ino, tambala mbali inayo. Bambo anga, ali mphunzitsi, anafolera nyumba yathu ndi malata, mawashala atasowa m'sitolo. Anaboola timakobidi n'kutikhomera pansi pa mitu ya misomali kuti denga lisadonthe. Wina anakanena kuchipani kuti aphunzitsi akhoma misomali pankhope ya mtsogoleri. Anawatenga ndili wamng'ono, anabwerako patatha zaka zinayi mano akutsogolo palibe. Wokanenayo sitinamudziwe.

Lachisanu masana ndinapita kuchipatala kumene bambo ankawatsuka magazi pamakina, nditatenga zithunzi za ndalama zija. Ndinati ndiwasangalatse, koma kunena zoona ndinkawaputa dala. Anayang'anitsitsa mutu wopalidwawo nthawi yaitali. Kenako anacheukira kukhomo, monga ankachitira nthawi zonse asanalankhule zandale, ngakhale kuno ku Amereka.

"Wamupala ndi m'bale wake?" anafunsa.

"Eya, ababa. Mkulu wake."

"Hmm. Pajatu denga lija munthu sakanaona kanthu ali pansi, mwana wanga. Tinakwera awiri. Amene ankandipatsira misomali ndi bambo ako aang'ono."

Ndinasolola kalata ija, ndinati ndiing'ambe pomwepo, nesi aone kapena asaone. Munthu ameneyo ankabwera kwathu zaka zonse zinayi, kumatisisita m'mutu, kumatipatsa masiwiti! Bambo ataona dzina limene linali pakalatapo, anandigwira mkono ndi dzanja lopanda machubu.

"Iwe, saina."

"Ayi, ababa. Ndege akwere, adzadye m'nyumba mwanga, munthu ameneyo?"

"Chibwerereni ine kundende, akakumana nane amayang'ana pansi. Masiku anga ndi awa ukuwaonawa. Sindikufuna kupita asanandione nkhope."

Ndinabwereka cholembera kwa nesi. Ndinasainira pabondo, misozi ili chuchuchu, ndipo ndinakanikiza mpaka pepala linabooka.