Gadiyani wa Hatchi

Kunyumba kwathu ku Tottenham palibe amene amandikhulupirira, ndipo sindiwaimba mlandu. Ndikati basi inachedwa chaka chathunthu, mami amadziwa kuti ndangoima pang'ono pa siteji. Ndikati ndafa ndi njala, amati, "Ufe bwino, koma utsuke kaye mbale." Nde nditalowa m'nyumba Lamlungu lija n'kunena kuti hatchi yanga ikufa, sanadzutse n'komwe mutu. Anali akusita yunifolomu. Mami ndi nesi pa wodi ya okalamba, ndipo sabata imeneyo anali pa shifiti ya usiku.

"Yafa kangati mwezi uno?" anafunsa.

Ndinangokhala pa kapeti nsapato zamatope zili kuphazi, mlandu umene kwathu munthu atha kunyongedwa nawo. Mami anayang'ana nsapatozo, anayang'ana ine, n'kuzimitsa ayironi.

Hatchiyo sinali yanga, ndanama kale. Inali ya mayi wina wachizungu amene ali ndi khola kumalire kwa Enfield, kumene nyumba zimathera n'kuyamba minda. Ndinapitako koyamba ndi sukulu, anzanga anatseka mphuno n'kubwerera, ine ndinakakamira komweko. Chaka chimenecho ndinali nditangolemba mayeso omaliza, nde pamene ena ankadikira zotsatira akulira, ine ndinali pamsana pa hatchi tsiku lililonse. Inali yaikazi, yotuwa, yaing'ono, yachikulire ndithu, komanso yamwano ngati kondakitala wa minibasi.

Mpikisano wake si uja wa pa TV wongothamanga kamphindi, azimayi atavala zipewa zazikulu ngati madishi. Uwu ndi wa mtunda wautali, tsiku lonse, m'nkhalango ndi m'minda. Mukazungulira chigawo chimodzi mumabwerera kwa madokotala a ziweto. Amamvera mtima wa hatchi, amaitsina khungu kuona ngati madzi atha m'thupi, amaithamangitsa pang'ono kuona ngati ikutsimphina. Mtima ukakana kutsika msanga, basi mwatuluka. N'chifukwa chake ikangofika anthu amaithira madzi ngati akuzimitsa nyumba.

Loweruka limenelo kunali mpikisano waukulu kunja kwa London, wa mayiko ambiri. Ife tinali m'kagulu ka mtunda waufupi, koma njira yake yomweyo. Akuluakulu a mtunda wautali anabwera ndi malole aatali kuposa msewu wathu, hatchi iliyonse ili ndi antchito okwana mudzi. Dzuwa linawotcha koopsa, lija azungu amavula nalo malaya. Anthuwo ankatidutsa ngati mphepo, ndipo yangayo poona anzake akuuluka inaiwala zaka zake. Ndinaikoka mpaka manja anachita matuza. Tikafika pa madzi inkangonunkhiza, maso ali kutsogolo.

Pa chigawo chachiwiri tinapeza hatchi ya gulu lina lakunja ili pansi, pambali pa njira. Anthu anali akuimika nsalu zobiriwira kuizungulira kuti odutsa tisaone. Ndinaona mwendo umodzi wokha utatulukira kunsi kwa nsalu, ukupalasa fumbi pang'onopang'ono ngati ikuthamangabe. Wokwera wake anali ataima patali, ali pa foni. Kuyambira pamenepo m'kati mwanga munangoti zii, ngati wina wazimitsa wailesi.

Titafika kwa madokotala, mtima wa yangayo sunatsike. Anatitulutsa mumpikisano n'kuiika dripi pomwepo, pansi pa tenti. M'mawa mwake anati ingathe kupita kwawo. Koma titafika ku Enfield inayamba kupalasa pansi, kucheukira mimba yake, kufuna kugudubuzika. Dokotala wa kukholako anabwera, bambo wamtali ngati mtengo wa magetsi, anailowetsa paipi m'mphuno n'kuthiramo madzi ndi mankhwala. Anati matumbo aima. Anati opaleshoni singaipirire, pa msinkhu wake komanso mmene yatopera. Ikapanda kuchita ndowe pofika Lachiwiri madzulo, chifundo chake n'kuibaya jakisoni igone.

Ndinawauza mami zimenezi, kupatula za mwendo uja. Sindinawonjezere kanthu, ndipo ndikuganiza kuti n'chimene chinawaopsa.

"Nde panopa ili ndi ndani?"

"Palibe. Mwiniwake amakaisuzumira, koma ali ndi mahatchi ena ambiri. Dokotala abweranso mawa."

"Wodwala ali yekha? Alibe gadiyani?"

"Mami, ndi hatchi."

"Sindinafunse mtundu wake."

Nkhani ya gadiyani mami samasewera nayo. Iwo anakulira kumene munthu akagonekedwa m'chipatala, wachibale amayala chitenje pansi pa bedi mpaka wodwalayo atatuluka, kaya woyenda kaya wonyamulidwa. Kuno okalamba a pa wodi yawo amatha sabata osabwera wowazonda, ndipo mami mpaka lero sanazizolowere. Amabwera kunyumba n'kumazilankhula okha akutsuka makapu.

Lolemba m'mawa ndinawapeza pa geti la khola. Anachokera kuntchito, anakwera mabasi awiri, jekete pamwamba pa yunifolomu, chitenje ndi fulasiki zili m'jumbo. Muyenera kudziwa kuti mami amaopa nyama iliyonse imene sinaphikidwe. Akaona kagalu kokwana m'thumba amawoloka msewu, nthawi zina misewu iwiri. Anaima pakhomo pa chipinda cha hatchiyo, jumbo ali pachifuwa ngati chishango.

"Ili ndi zaka zingati?"

"Ikanakhala munthu, bwenzi ili ndi zidzukulu."

"Nde bwanji sunanene? Ukungoti iyo, iyo." Anakonza mawu, aja amalankhulira pa wodi. "Mwadzuka bwanji, agogo? Ndamva kuti simunagone bwino."

Agogowo anangowayang'ana, mutu uli pansi, makutu atagwa. Mwini khola anandifunsa m'Chingerezi kuti mayi ako akufuna chiyani. Ndinati abwera kudzakhala. Anafunsa kuti kudzakhala n'kumatani. Ndinati kungokhala. Mami anali atatembenuza kale chidebe, atayala chitenje, atakhalapo.

Dokotala anasiya malamulo: madzi pang'onopang'ono, chakudya ayi, ndipo tiziiyendetsa pabwalo kanthawi n'kuibwezera. Ine ndinkagwira chingwe. Mami ankatitsatira pambuyo, patali pokwana kuthawa, akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Tikabwerera ankakhala pa chidebe chawo n'kumasinza, koma hatchi ikangosuntha phazi ankatsegula maso. "Pepani agogo, tili pompano."

Ine ndinkakhala pa udzu n'kumasewera gemu ya njoka pa foni. Ndinkadziwa kuti ndiyenera kumva chisoni, kapena mantha, kapena china chake. Ndinkafufuza m'kati ngati mmene umafufuzira makiyi m'chikwama, osapeza kanthu. Njoka inkadziluma mchira, ndinkayambiranso.

"Ukumva bwanji?" mami anandifunsa maso atatseka.

"Palibe."

"Usadzikakamize. Nthawi yakwana, gwira chingwe."

Masana kunatulukira anti a ku Peckham, mnzawo wa mami wa kutchalitchi, a ku Zambia. Mami anali atawaimbira, chifukwa gadiyani naye amafuna wosinthana naye. Anabwera atavala nsapato zazitali m'matope, atanyamula zikwama zokwana kutsegula golosale: buledi, nthochi, malalanje, phala la m'fulasiki. Wodwala sakamuona chimanjamanja.

"Iwe mwana, odwala ali kuti? Aa, aba? Mayo, aonda!"

"Anti, mwawaona lero koyamba."

"Nanga nilibe maso? Aonda!"

Ndinangotembenuka kukatunga madzi. Pobwera ndinapeza anti atasenda nthochi, atatambasula dzanja pamwamba pa chitseko, hatchi ikuyamba kutukula mlomo. Chidebe ndinachiponya. Ndinakuwa mpaka nkhunda za ku Enfield konse zinauluka. Mami anadzambatuka n'kuwagwira dzanja.

"Asisi, dokotala wati asadye kanthu."

"Odwala wa bwanji osadya? Ndiye cifukwa sapola! Kamodzi cabe, alaweko."

"Matumbo aima. Mukaikamo nthochi mwawapha."

Anti anayang'ana nthochiyo, anayang'ana hatchi, n'kuidya okha mokwiya. Zakudya zonsezo tinadya ndife, titakhala pa mabelo a udzu. Mwini khola anadutsa, anti anamukoka n'kumupatsa phala. Mayiyo anali asanadye chiyambire Loweruka. Anamwa kapu yonse ataimirira, kenako anakhala pansi nafe.

Madzulo mami anabwerera kuntchito. Lachiwiri m'mawa anali pa geti, maso ofiira ngati tomato. Anti nawonso anabwera, ulendo uno atavala majombo a amuna awo. Tinasesa chipinda chonse kuti chikagwa chilichonse tichione. Anthu atatu ndi nzeru zathu, tsiku lonse maso ali pansi pa mchira wa hatchi. Ikangogwedeza mchirawo pothamangitsa ntchentche, anti ankaimirira n'kuyamba "Ambuye!" kenako n'kukhalanso.

Palibe chinagwa.

Dokotala anafika dzuwa litapendeka. Anamvera mimba mbali iyi, mbali inayo, nthawi yaitali. Anati muli kaphokoso pang'ono, koma kochepa kwambiri, ndipo mankhwala oletsa ululu akatha ivutika. Anapita ndi mwini khola kukaima kuseri kwa galimoto yake. Ndinamva buti ikutseguka. Ndinkadziwa chimene chili m'butimo. Ndinayang'ana manja anga, matuza anali ataphulika, ndipo ndinaganiza zoti ndiyenera kugula pulasitala. N'zimene ndinaganiza, pulasitala.

"Bweretsa chingwecho," anatero mami.

"Mami, inu?"

"Bweretsa."

Ndinawapatsa. Anaima pafupi ndi mutu wa hatchi, pafupi kuposa mmene anayandikirapo nyama yamoyo chibadwire. "Agogo, tiyeni. Sitithamanga, kuno kulibe mpikisano. Phazi limodzi, kenako linalo. Ku wodi kwathu timayenda chonchi, ndipo timafika."

Anatuluka pabwalo, nesi wamfupi wovala chitenje pamwamba pa yunifolomu ndi hatchi yotuwa, onse awiri akukoka miyendo. Anazungulira kamodzi. Anazunguliranso. Dokotala anali atatseka buti, kabokosi ka jakisoni kali m'manja, koma sanawaletse. Anangoima. Atafika pafupi ndi mpopi hatchi inaima yokha, inatambasula miyendo, inabuula ngati chitseko chakale, n'kukweza mchira.

Ndikanakonda kunena kuti panagwa phiri. Panagwa timibulu touma, takuda, tokwana m'manja awiri.

Anti anaimba nthungululu moti mahatchi onse m'khola anamenya zitseko. Mwini khola anagwira pakamwa. Dokotala ananjuta n'kuphwanya kamodzi ndi chala ngati wapeza golide. Anati sizinathe, tisasangalale msanga, koma kabokosi kaja anakabwezera m'galimoto. Mami anangoti, "Zikomo agogo, mwachita bwino," n'kundipatsa chingwe mwachangu, kenako anapita kukatsamira khoma.

Ine ndinatenga fosholo n'kuwola. Ndi ntchito yanga.

Hatchiyo inachira. Ku mpikisano sinapitenso, pano imangodya udzu ndi kuluma ana a sukulu. Mwini khola anandifunsa Lachiwiri lomwelo ngati chaka chamawa ndingakwere ina yaing'ono imene anali akuiphunzitsa. Ndinati sindikudziwa, ndipo sindinkadziwadi.

Pobwerera tinakhala pamwamba m'basi, mpando wakutsogolo. Mami anali ndi kanthawi kochepa kosamba asanapitenso kuntchito. Chitenje chawo chinkanunkha khola, mayi wina anasamuka pampando. Ndinkadikira kuti mwina tsopano ndilira, poti zatha bwino, koma kunja kunkangodutsa mashopu a nkhuku ndi malo ometera. Basi itaima pa maloboti, pakamwa panga panangoyamba pokha. Ndinawauza za nsalu zobiriwira, za mwendo uja ukupalasa fumbi, za munthu wa pa foni. Ndinkaganiza kuti agona, chifukwa mutu wawo unali paphewa panga.

"Inachira?" anafunsa osatsegula maso.

"Sindikudziwa. Sanatiuze."

"M'kati mwa nsaluzo munali ndani?"

"Madokotala, mwina. Antchito."

"Ayi. Amene anakhala nayo."

"Sindinaone, mami. Ndinangoona mwendo."

Anandigwira dzanja, pa matuza pomwepo, ndipo zinawawa kwambiri. Sindinalichotse mpaka tinafika pa siteji yathu.