Patapata ya Kumanzere

Chinayamba ndi patapata. Bambo a Tadala, amuna anga, anabwera kunyumba ku Golomoti kumapeto kwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinaona kuti akamachoka pakhonde kupita kubafa, patapata ya kumanzere inkavuka yokha n'kutsalira m'mbuyo, iwo n'kumapitirira osadziwa. Dothi la kuno nthawi imeneyo limatentha moti ngakhale nkhuku imathamangira pamthunzi, koma iwo ankaponda ndi phazi lopanda kanthu osamva. Nditawafunsa anati patapatayo yatha, ndigule ina. Ndinakagula ina pamsika, nayonso inkavuka.

Amuna anga anali msilikali wa gulu lodumpha m'ndege ndi parachuti, chija anthu kuno amangoti ambulera. Anali atadumpha zaka zambiri mpaka kumaphunzitsa atsopano. Kateredwe koyenera ngakhale ine ndinkakadziwa, chifukwa ankaphunzitsa ana athu pachulu cha kuseri kwa nyumba: mapazi pamodzi, mawondo opinda pang'ono, chibwano pachifuwa, ndipo ukangogunda pansi ugubuduke cham'mbali kuti thupi lonse ligawane kugwako. Ankawauza anawo kuti woopa kudetsa malaya amathyola fupa.

Masabata angapo m'mbuyomo gulu lawo linadzadumpha pabwalo lina kufupi ndi Mtakataka, ndipo tinapita kukaonerera pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira. Inali nthawi ya masana, mphepo itayamba. Anyamata atsopano ankatera n'kugubuduka m'fumbi monga anawaphunzitsira. Koma akuluakulu ozolowera anali ndi kachitidwe kawokawo. Iwo ankati kugubuduka pamaso pa amayi ndi ana a sukulu ndi zachibwana, wodumpha weniweni amatera chilili. Bambo a Tadala nawo anatera chilili. Mphepo inawakankha, anagunda pansi ndi zidendene, kenako n'kukhala ndi matako pa dothi louma gwa. Anadzuka nthawi yomweyo, anasonkhanitsa parachuti yawo, n'kuisenza mpaka pa lole, anthu akuomba m'manja. Anadzandiuza pambuyo pake, ali chigonere m'chipatala, kuti poyenda paja ankamva ngati wina wawalowetsa waya wamoto kuchokera m'chiuno kufika kuchala. Sananene kwa aliyense. Kwawoko wodumpha amanyamula yekha katundu wake, ndipo amene wanyamulidwa pamachira amasekedwa mpaka adzapume pantchito. Komanso ukadandaula msana kwa dokotala amakuletsa kudumpha, mapiko aja amasokerera pachifuwa n'kusanduka chokongoletsera malaya.

Mu Novembala zinthu zinaipa. Anapempha tchuthi ponamizira kukonza munda wathu wa mpunga ku Bwanje, koma khasu sanaligwire n'kamodzi komwe. Sankatha kukhalitsa pampando. Pabedi anachokapo n'kumagona pamphasa pansi. Akatsokomola ankagwira khoma. Dzanzi linayambira kutako n'kutsika mpaka kuzala, ndipo phazi lija linayamba kukwekwereza pansi. Ndinawauza kangapo kuti tipite kuchipatala cha mishoni, pafupi pomwepa, koma yankho linali limodzi, lakuti anzawo abwere kaye.

Anzawowo anabwera Loweruka lina masana, atatu, motsogozedwa ndi a Dzonzi, mkulu pakati pa odumpha akale, munthu wamfupi wa mawu aakulu amene kwawo ndi ku Mtakataka. Atangomuona mnzawo akukwekwereza phazi anaseka. Anati umenewu ndi msana wa odumpha, onse ali nawo, ndipo mankhwala ake amawadziwa. Anatulutsa m'chikwama malamba akale a parachuti, anawamangirira panthambi ya mango athu, n'kuwakoleka amuna anga m'khwapa kuti alendewere, thupi lidziwongole lokha ndi kulemera kwake. Ndinakana. Ndinawauza kuti munthuyu phazi silikumva, akufunika dokotala.

"Alamu, inu mumadziwa za m'khitchini, ife timadziwa msana," anatero a Dzonzi.

Wina anagwira miyendo n'kumakokera pansi, a Dzonzi anatsamiritsa bondo pamsana n'kukankha. Kukuwa kumene ndinamva tsiku limenelo sindinakumvepo kwa amuna anga chikwatiranireni. Anzawowo anati eya, wawongoka. Anawatsitsa, anawagoneka pamphasa, anadya nkhuku imene ndinawaphera ngati alendo, ndipo potsanzika anawachenjeza kuti asayerekeze kukaonekera kwa dokotala, angawadule mapiko. Mpaka lero nkhuku imeneyo imandipweteka mtima.

Kutacha mwendo wa kumanzere unakana kuimirira. Pofika masana anali asanakodze, chinena chitatupa n'kuuma, ndipo anandiuza motsitsa mawu kuti pakati pa ntchafu sakumvapo kanthu. Apo sindinapemphenso chilolezo kwa munthu. Ndinapita pasiteji, ndinapeza galimoto yapamtunda, tinayala matiresi kumbuyo, anthu oyandikana nafe n'kuwanyamula pachitseko.

Kuchipatala cha mishoni anamwino anawaika paipi, mkodzo n'kudzaza thumba nthawi yomweyo. Dokotala anawabaya ndi kasingano kuyambira kuphazi kukwera m'mwamba, akufunsa pamene akumva, kenako anafunsa tsiku limene anagwa. Bambo a Tadala anati dzulo, anaterereka kubafa. Ndinawayang'ana, ndipo ndinafotokoza zonse ndekha: za ndege, za kutera chilili, za patapata, za mango. Dokotala anasiya kulemba.

"Mayi, akanabwera tsiku lomwe anagwalo, mwina tikanangowagoneka n'kuwamanga lamba wa msana. Pano fupa likupana mitsempha. Kuno sitingathe, mupite ku Lilongwe lero lomwe."

Tinakwera msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere pa ambulansi, atamangidwa pathabwa kuti asagwedezeke. Pokhota paliponse ankaluma mano, ine nditagwira thumba la mkodzo m'manja kuti lisakokeke.

Kuchipatala chachikulu anawajambula, ndipo chithunzi chinaonetsa kuti fupa limodzi la msana, cha m'chiuno, linasweka n'kuphwatalala, kachidutswa kake n'kulowa mkati modutsa mitsempha. Dokotala wa mafupa anati kusweka kunali kwakale ndithu, koma kusuntha kwa kachidutswako kunali kwatsopano. Sindinafunse chimene chinakasuntha, ndinkachidziwa. Anatiuza kuti pakufunika opaleshoni, ndipo anatinenera mosabisa kuti sangalonjeze zoti mwendowo udzayendanso kapena kuti paipi ija idzachoka.

Kenako kunali kudikira. M'mawa uliwonse tinkatulutsidwa m'wodi kuti akolope ndi kuti madokotala azungulire, ife odikirira odwala n'kumakhala panja pansi pa mitengo. Tinkaphikira pakhitchini ya odikirira, nkhuni zogula, moto wobwerekana. Anamwino anandiphunzitsa kuwatembenuza thupi lonse pamodzi ngati chipika, mapewa ndi chiuno nthawi imodzi, kuti msana usapotoke komanso asatuluke zilonda. Ndinaphunzira kuwasambitsa ali chigonere ndi kuwatayira zonse. Munthu amene ankatuluka pakhomo la ndege m'mwamba osaphethira anali kubisa nkhope kukhoma pamene ine ndikuwapukuta. Kawiri anawamana chakudya kuwakonzera opaleshoni, kawiri konse anawabweza chifukwa kunabwera ovulala pangozi za pamsewu amene sakanadikira. Sindinakwiyire anamwino kapena madokotala, ndinkaona ndi maso anga mmene ntchito inkawachulukira. Mkwiyo wanga unali kwina.

Asilikali odumphawa ndimawadziwa mmene amasamalira zida zawo. Parachuti ikanyowa amaipachika m'chinyumba chachitali kuti iume, ndipo chingwe chilichonse amachidutsitsa m'zala kufufuza pamene chayamba kutha. Nsalu ikangokhala ndi kabowo ngati ka njenjete amaiika padera, palibe amene amaitcha yamantha. Asanakwere ndege aliyense amayang'ana malamba a mnzake, kukoka apa, kugwedeza apo, ndipo pamimba amanyamulanso parachuti ina yapadera kuopa kuti yoyamba ingakanike kutseguka. Chisamaliro chonsecho amachipereka kwa nsalu ndi zingwe. Koma msana wa munthu, umene ulibe wina wapadera pamimba, amaupachika pa mango n'kuukankha ndi bondo. Zimenezi zinkandiwawa ndili pansi pa mitengo paja, ndipo zimandiwawabe.

A Dzonzi anabwera kamodzi kudzazonda. Anaima kumiyendo kwa bedi n'kuwauza amuna anga kuti wodumpha sagona, adzuke msanga anyamata akuwadikira. Ndinawaitanira panja n'kuwauza zimene dokotala ananena za kachidutswa kaja. Anati inali ngozi chabe, njira imeneyo yathandiza ambiri. Ndinawauza kuti asadzabwerenso m'wodimo, ndipo sanabwerenso.

Opaleshoni inachitika Khirisimasi itayandikira. Anachotsa kachidutswako n'kumanga msana ndi zitsulo. Mvula inali itagwa kale, ndipo munda wa ku Bwanje anatiwokera ndi achemwali anga, theka lokha. Tsiku limene dokotala anawauza kuti za kudumpha aiwale, bambo a Tadala analira, ndipo ndinawasiya alire. Ine chimene ndinkafuna chinali chakuti adzayende okha kupita kuchimbudzi.

Mu Januwale, m'mawa wina ndikuwapukuta mapazi, chala chachikulu cha kumanzere chinagwedezeka. Ndinaganiza kuti ndachigunda ndine. Ndinawauza kuti ayesenso, chinagwedezekanso pang'ono, ndipo ndinathamangira kwa namwino nsalu yonyowa ili m'manja. Kuyambira pamenepo anayamba kuwatengera kochitira mafizo. Poyamba kunali kungokhala tsonga osachita chizungulire, kenako kuimirira pakati pa zitsulo ziwiri, kenako kusuntha phazi thukuta lili kamukamu. Paipi anaichotsa, anaibwezera mkodzo utakanika, n'kudzaichotsanso patapita masabata. Tsiku limene anakodza okha, amayi a pakhitchini ya odikirira anandiimbira nthungululu ngati ndabereka mwana.

Tinabwerera ku Golomoti mvula ikusiya. Anayamba ndi choyendera cha miyendo inayi, kenako ndodo ziwiri, pano imodzi. Ntchito anawapumitsa pa chifukwa cha matenda. Phazi lija silinabwerere mwakale, limagwa kutsogolo, choncho amavala chopanira cha pulasitiki m'kati mwa nsapato ya zingwe, ndipo patapata sadzavalanso. Kuwerama kuti awoke mpunga sangathe, koma amapita ku Bwanje kukayang'anira madzi ndi kuingitsa mbalame. Nyengo yozizira msana umawawa. Kuchipatala timapitabe pa masiku amene amatiuza, osajomba. Ndege ikamadutsa amakweza maso mpaka itazimiririka, ndipo ine sindiwaletsa.

Kwa inu amene amuna anu, ana anu kapena alongo anu amagwira ntchito zogwa ndi zonyamula, kaya m'ndege, padenga kapena mumtengo, ndikuti munthu akagwa n'kumamva msana, apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale akuyenda. Mukaona dzanzi, phazi lokwekwereza kapena mkodzo wovuta, musadikire kuti kuche, ndipo musalole munthu aliyense kumukoka, kumuponda kapena kumuwongola, ngakhale atakhala mnzake wa zaka zambiri. Wodwalayo akakana, mutengeni akukana choncho. Ine ndinamvera kukana kwa amuna anga mwezi wathunthu, ndipo mtengo wake ndi phazi.

Chaka chotsatira, mu Okutobala momwemo, a Dzonzi anatulukira pakhomo pathu kudzaona mnzawo. Bambo a Tadala anawalandira, ine ndinangopereka mpando. Ndinaona kuti mlendoyo akhalira tako limodzi. Potsanzika, atafika pa mango paja, patapata yawo inavuka n'kutsala, iwo n'kumapitirira pa dothi lotentha akukamba nkhani. Ndinaitola. Amuna anga nawo anali ataona.

"A Dzonzi, mawa m'mawa tikumane pasiteji. Ndikuperekezani ndine," anatero.

A Dzonzi anaseka n'kunena kuti ndi msana wa odumpha chabe, ndipo anatambasula dzanja kuti ndiwapatse patapata yawo. Ndinawauza kuti akailandirira pakhomo la dokotala. Madzulo omwewo ndinakwera minibasi kupita ku Mtakataka, ndinakawaonetsa akazi awo patapatayo, n'kuwafotokozera za paipi, za kutembenuza ndi za kupukuta, osasiyako kanthu. M'mawa mwake mayiwo anabwera nawo okha amuna awo pasiteji.

Dokotala anapeza kuti msana wa a Dzonzi wayamba kupana mtsempha, koma anafika nthawi ilipo. Anawapatsa chithandizo popanda opaleshoni, n'kuwaletsa kudumpha. A Dzonzi amati ndinawadula mapiko ndine, ndipo mpaka lero sandipatsa moni. Tikakumana pamsika wa Golomoti amayang'ana kumbali n'kudutsa mofulumira. Ine ndimaima n'kuwayang'ana kumapazi mpaka atakhota, patapata zonse ziwiri zili m'malo mwake.