Milomo yanga ndi futali wa apongozi

Chaka chomwe ndinayamba ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, thupi langa linandiukira. Ndinkangodzikanda, mu ofesi, m'tchalitchi, ngakhale pamaso pa bwana. Anamwino a kuchipatala cha mishoni anati mwina pali chakudya chomwe sichikundiyanja. Anandiuza kuti ndisiye kaye mkaka, mazira, buledi, nsomba ndi mtedza, kenako ndizibwezera chimodzichimodzi mpaka chondizunzacho chidziwike. Anayankhula mopepuka, poti iwo si mkamwini wa kwa Mphuka.

Kunyumba kwathu pa esiteti zinkatheka. Mkazi wanga ankandiwiritsira masamba n'kumandiyang'ana ngati mwana wamasiye. Vuto linali kumudzi kwawo, kwa Mphuka. Apongozi anga aakazi amathira nsinjiro m'chilichonse, moti akanatha akanathira ndi m'madzi akumwa. Komanso ine ndi iwo, mwa ulemu wake, sitinkayankhulana maso ndi maso. Mawu onse ankadzera mwa mkazi wanga, munthu wosakonda zotalikitsa nkhani. Malangizo onse a anamwino aja anakawafikitsa kwa mayi ake m'mawu awiri: akuti sadya.

Tsiku limenelo mbale zinabwerera kukhitchini zosakhudzidwa. Ulendo wotsatira apongozi anabweretsa okha chakudya. Anagwada pakhomo, nkhope atalozetsa kumbali, navundukula mbale ya futali wa mbatata, wonona ndi nsinjiro. Anatapako n'kutafuna pang'onopang'ono kuti ndione bwino, kenako anameza mwamphamvu n'kutuluka. Aliyense amadziwa kuti wophika akalawa chonchi akutanthauza kuti m'chakudyamo mulibe mankhwala. Apa mpamene mkazi wanga anandiuza kuti kuchitsime nkhani inali itafala kale, yoti kalaliki wa ku Kasungu uja akuopa kudyetsedwa ndi apongozi ake.

Zinandipweteka mumtima. Mayi woti sanandilakwirepo, dzina lake liipe chifukwa cha zokandakanda zanga? Ndinasamba m'manja n'kudya futali yense, mbale n'kuiyeretsa ndi chala.

Sipanapite nthawi, milomo inayamba kulemera. Pofika madzulo inali itatupa ngati mandasi a pa siteji ya ku Luchenza, zikope nazonso zitatsatira. Ndinkafuna kupita kwathu, koma apongozi atangondiona anaiwala zonse za ulemu zija. Anatseka chitseko n'kuimirira pamenepo, nandiyang'ana m'maso koyamba chikwatirire.

“Bambo, simutuluka muno. Simunadye, anthu anandinena. Nanga akakuonani chonchi mutadya, ndikalowera kuti ine?”

Ndinayesa kupepesa koma milomo inakana kugwira ntchito. Ndinagona komweko, apongozi akuuza aliyense wobwera kuti akamwini atopa ndi ntchito za pa esiteti. M'mawa kutupa kutaphwera anandiperekeza okha kuchipatala, kudzera njira ya m'minda ya tiyi, ine nditafunda chitenje chawo kumutu. Anamwino anandikalipira kwambiri, koma anavomereza kuti chondizunzacho chadziwika: mtedza.

Mpaka lero ndikapita kwa Mphuka mtondo wa nsinjiro umapuma. Apongozi amandiphikira nkhwani wopanda chotendera, ndipo amalawabe pamaso panga, ngakhale palibenso amene amawanena. Ulendo wina atalawa anakwinya nkhope, nakankhira mbale kwa ine.

“Idyani, mwananga. Koma musakauze anthu kuti ndaphika ndine.”