Kamvuluvulu wa ulusi wofiira

Mwana wanga anasiya kubwera pa foni nditakhala ku Doha kwa zaka zingapo. Sikuti anangodzuka tsiku limodzi n'kukana ayi, zinayamba pang'onopang'ono. Kale ankathamanga akangomva foni ya mng'ono wanga ikulira, n'kuyandikitsa nkhope mpaka ine kuno ndinkangoona mphuno ndi diso limodzi. Kenako anayamba kudikira kuti aitanidwe. Pomafika chaka chimene ndikunenachi, mng'ono wanga ankachita kumukoka pamkono, ndipo mwanayo ankaima ngati waitanidwa ku ofesi ya ahedi, n'kumangoyankha kuti “eya” maso ali pa nkhuku zapabwalo.

Ndinamusiya ku Ntcheu m'manja mwa mng'ono wangayo mano ake oyamba asanayambe kuguluka. Amamusunga bwino, zimenezo sindinganame. Zoti amamutchula kuti amayi sizinkandiwawa, pakuti kwathu mng'ono wa mayi ako ndi mayi ako. Chimene chinkandidya mumtima chinali chimodzi. Ndinkafuna tsiku lina mwanayo adzabwere yekha pa foni, popanda womugwira mkono, n'kundiuza kanthu kochokera m'mutu mwake.

Ntchito yanga inali yoyala mabedi mu hotelo ina yaikulu. Antchitofe tinkagona ku Umm Ghuwailina, dera lina la mu Doha momwemo, m'chipinda cha mabedi osanjikizana, chimene zenera lake linayang'anizana ndi khoma la nyumba ina, moti dzuwa tinkaliona tikatuluka panja basi. Bedi la pansi pa langa linali la mayi wina wachisilamu wa ku Machinga, wamkulu kwa tonse, amene ankagwira ntchito kochapira zovala mu hotelo yomweyo. Tinkangowatchula kuti Anti. Anali munthu wa pakamwa, koma ukadwala ndi iwo ankakuphikira phala.

Chaka chimenecho Anti anapatsidwa tchuthi cha mu Disembala. Kuno munthu akamapita kumudzi sapita yekha. Anthu amene sakupatsa moni chaka chonse amatulukira pakhomo ndi majumbo, kumwetulira mpaka mano a m'mbali, wina mafuta onunkhira, wina nsapato za apongozi. Anti anawakana ambiri, koma ine anandiitana okha.

“Iwe, ma-kilo anga a m'ndege akwana, khalas, zatha,” anatero akumanga chikwama. “Koma cha mwana ndinyamula. Chikhale chaching'ono, chopepuka. Usandibweretsere wailesi.”

Ndinasowa chotumiza. Diresi ndinatumizapo, inakafika yothina. Nsapato nazo zinakathera kwa mwana wa oyandikana nawo nyumba. Vuto linali lakuti ndikalowa mu shopu ndinkagulira mwana amene ndinamusiya, osati amene analipoyo. Maswiti amatha tsiku lomwelo, ndipo wotumiza sakumbukiridwa.

Nthawi imeneyo n'kuti hotelo itayamba kukongoletsedwa, mtengo wa Khirisimasi utaima pofikira alendo, wautali kuposa nyumba ya kwathu. Mtsikana wina wa ku Philippines amene ndinkayala naye mabedi anandionetsa pa foni yake chinthu choluka ndi ulusi, chopotana kuyambira pamwamba mpaka pansi, chopachikidwa pakhonde. Mphepo ikachikhudza chinkazungulira, mitundu yake n'kumaoneka ngati ikukwera osafika. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali mpaka mwini foni anachita kundilanda. Chinthu chotere sichithina ndipo sichitha. Mwana akachiona chikuvina m'mawa uliwonse, mwina angafune kundiuza mmene chavinira.

Kuluka ndinakudziwa kale. Amayi anga, pamene anali moyo, ankaluka madoilo oyala pa mipando. Inali ntchito ya tikakolola, nthawi yozizira, manja akapuma ku khasu. Ankakhala padzuwa miyendo atatambasula, kasingano kawo kokhota kumutu kakuthamanga, ine ndili pambali kugwira mpira wa ulusi kuti usagubudukire m'fumbi. Ndikalakwitsa ankandimenya pa chala ndi kasingano komweko.

Tsiku langa lopuma ndinakwera basi kupita kudera lotchedwa Old Airport, kumene kuli kashopu kogulitsa mabatani ndi zosokera. Ndinagula kasingano ndi ulusi wofiira, woyera ndi wobiriwira, ndiponso kabelu kakang'ono kopachika kumunsi. Kalukidwe kake si kovuta. Umayamba ndi tcheni chachitali. Ukamabwerera, pa diso lililonse umalowetsapo kasingano kawiri, mzere wotsatira chimodzimodzi, mpaka ulusi umachulukana, kusowa pokhala, n'kuyamba kupotana wokha. Ndinkaluka m'basi ya kuntchito m'mawa, ndinkaluka pa nthawi ya chakudya chamasana mpunga ukuzizira pambali. Zala zanga zinali zolimba ndi mankhwala otsukira mabafa, ndipo ulusi unkakodwa m'ming'alu ya khungu. Ndinamasula kangapo n'kuyambiranso, ndikutukwana chamumtima.

Anti ataona koyamba anafunsa ngati ndikuluka matumbo a nkhuku. Ndinawauza kuti adikire. Nditamaliza ndinachipachika kutsogolo kwa makina oziziritsa m'chipinda, ndipo Anti anaseka mpaka kutsokomola. Chinthucho chinangolendewera lende, chofewa, mapotano ake atagwerana. Mphepo inkangochikankhira uku ndi uku ngati sokosi yoyanikidwa. Ndinakwera pabedi langa n'kutembenukira kukhoma. Ndinakwiya ndi ulusi, ndi mtsikana wa ku Philippines uja, ndi Anti, ndi dziko lonse la Qatar.

Ndili chigonere choncho m'pamene ndinakumbukira mmene amayi ankaumitsira madoilo awo. Ankawiritsa madzi, kuthiramo shuga wambiri mpaka madziwo alemere, kuviikamo doilo, kulifinya, n'kuliyanika atalivundikira pa mbale. Likauma linkaima lokha ngati dengu, ndipo amayi a kutchalitchi ankalimbirana. Nditawauza Anti, anasiya kuseka. Anati nawonso amayi awo aang'ono ankatero. Anatsegula kabati yawo n'kutulutsa shuga yense amene anali naye.

Tinachita mwambowo tsiku Lachisanu masana, Anti atamaliza kuswali. Tinaviika chinthucho mu poto, n'kukwera nacho padenga la nyumba pamene timayanika zovala. Disembala wa ku Doha ndi wokoma, ndisaname. Kutentha kuja kumatha, kumabwera kamphepo kozizira kouma, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Anti anagwira kumtunda, ine ndikukonza mapotano limodzi ndi limodzi ndi zala zomata. Pofika madzulo chinali chitauma gwa. Mphepo itachikhudza chinazungulira, chofiira chikuthamangitsa choyera, kabelu kakulira pang'onopang'ono.

“Mashallah,” anatero Anti. “Ameneyu ndi kamvuluvulu. Mwana akamuona, inshallah, adzakuimbira yekha.”

Dzinalo linakhala lomwelo. Ulusi unatsalako, ndiye ndinalukanso wachiwiri, wamfupi, n'kumuumitsa chimodzimodzi. Ameneyo anali wanga, kuti ine ndi mwana tizikhala ndi chinthu chofanana. Lamlungu lotsatira nditaimba foni ndinamuuza kuti kukubwera chinthu chovina ndi mphepo, chimene ndaluka ndi manja anga. Anati “eya”, n'kuyang'ana mng'ono wanga ngati akufunsa kuti kodi zatha.

Kamvuluvulu anayenda m'kachitini ka mabisiketi, titamufunditsa mapepala. Basi ya Anti yochokera ku Lilongwe inkadutsa pa Ntcheu, choncho mng'ono wanga anakadikira pamsewu, ndipo kachitiniko kanadutsira pawindo basi isanaime n'komwe bwinobwino. Mawa lake mng'ono wanga ananditumizira mawu ojambula pa foni. Anati mwana wakana zopachika chinthucho pakhonde, akuti chinyowa. Wachimangirira m'kati mwa neti yake ya udzudzu, pamwamba pa mutu, ndipo wagona chagada kumachiuzira mpweya kuti chizungulire. Anzake anabwera kudzamutenga kokasewera, wawabweza.

Mawu amenewo ndinawamvera m'kachipinda kosungira nsalu zoyala, chitseko nditatseka. Ndinawamveranso, n'kuwamveranso. Ndinalira, koma kunali kulira kwabwino. Tsiku limenelo ndinayala mabedi ngati ndikuyalira ukwati, ndipo mlendo wina amene anasiya bafa ngati khola la nkhumba ndinamukhululukira.

Kenako kunangoti zii. Foni ya mng'ono wanga sinkapezeka, ndipo ndinadziwa kuti ndi magetsi, pakuti kwathu mvula ikalimba kotchajira kumavuta. Ndinangodziuza kuti pa Khirisimasi tidzayankhulana.

Pa Khirisimasi hotelo imadzaza, ndipo zopuma palibe amazitchula. Ndinapeza mpata masana, n'kukakhala pa masitepe a kumbuyo kumene alendo sadutsa. Foni inalowa. Choyamba kumva inali mvula ikumenya malata, phokoso limene ndinali nditaliiwala. Mng'ono wanga anandipatsa mafuno abwino, kufunsa za ntchito, kufunsa za kuzizira, kuzungulirazungulira. Ndinamudula n'kufunsa za kamvuluvulu. Anaseka kaseko kamene amaseka akaswa mbale.

“Achemwali, kodi munaikamo shuga m'chinthu chija?”

Ndinavomera. Ndiye anandifotokozera. Mvula inagwa masiku otsatizana, nyumba yonse inachita chinyontho, ndipo chinthucho chinayamba kufewa n'kumamata. Mwana sananene, ankaopa kuti amulanda. Nyerere zinatsika kuchokera kudenga, kutsata zingwe za neti, n'kulowa. Kutacha mwanayo anadzuka akukuwa, nyerere zili m'khosi, m'makutu, m'tsitsi, chikope chimodzi chitatupa. Anthu oyandikana nawo anathamangira, ndipo ena anayamba kunong'ona kuti zinthu za kunja sizilandiridwa chisawawa. Mng'ono wanga anachita kugwira chinthucho n'kunyambita chala pamaso pawo kuti aone kuti ndi shuga chabe.

“Chikomekome cha nkuyu, achemwali,” anatero, akuyesa kundiseketsa. “M'kati muli nyerere.”

Sindinaseke. Ndinamukalipira kuti akanangochichapa. Anayankha mofatsa kuti anachichapa, koma chinasanduka chisanza, chofiira chinasuluka n'kulowerera choyera, ndipo mwana anakana kulowa m'nyumba chinthucho chili momwemo. Anakachitaya kudzala.

Apo m'pamene ndinakumbukira. Amayi ankaumitsa madoilo awo nthawi yopanda mvula. Dzinja likafika, kasingano kankalowa m'chitini, iwo n'kupita kumunda. Ine ndinabadwira momwemo, ndinapalira chimanga pa Khirisimasi ndili wonyowa mpaka m'mafupa, koma ndinaima padenga lija ndi Anti, akuluakulu awiri, kuyang'ana kumwamba kwa eni ake, ndipo palibe mmodzi wa ife anakumbukira kuti kwathu Disembala ndi dzinja. Ndinachita manyazi, koma kuposa manyaziwo ndinachita mantha. Ndinali nditakhalitsa kuno mpaka kuiwala mvula imene imagwera mwana wanga.

Ndili m'maganizo amenewo ndinamva mawu aang'ono chapatali akuti, “Amayi, ndipatseni.” Chithunzi chinagwedezeka, chinaonetsa denga, kenako nkhope inayandikira mpaka ndinangoona mphuno ndi diso limodzi ngati kale. Diso lake linali lidakali lotupa. Palibe amene anamuitana, palibe anamugwira mkono. Ndinaimirira pa masitepepo.

Anandiyang'ana kanthawi. Kenako anayankhula momveka bwino, mwaulemu, monga anaphunzitsidwira kuyankhula ndi akuluakulu.

“Musatumizenso zinthu zoluma.”

Ndinali ndi mawu ambiri amene ndinawasunga kwa zaka kudikira tsiku limeneli. Onse anathawa. Ndinangoti, “Eya.” Iye anabweza foni kwa mng'ono wanga, ndipo ndinamva mapazi ake akuthamangira kukhonde.

Ndinabwerera kukamaliza zipinda zimene zinatsala. Madzulo nditafika ku Umm Ghuwailina ndinapeza m'chipinda mulibe munthu, bedi la Anti lili loyalidwa monga analisiyira. Makina oziziritsa anzanga anawasiya osazimitsa, ndipo kamvuluvulu wanga uja anali pamalo pake, wouma gwa, wopanda ndi nyerere imodzi yomwe, akuzungulira bwinobwino. Ndinakhala pansi ndi yunifolomu n'kumamuyang'ana.

Anti anabwerako chaka chatsopano chitalowa, atanyamula mtedza ndi usipa wouma. Anali asanavule n'komwe nsapato pamene anandifunsa ngati mwana anabwera yekha pa foni. Ndinawauza kuti anabwera.