Matumba Ovala Zipewa

Chaka chimene anamanga depoti ya katundu pa Golomoti ndinali nditabwerera kwathu, ukwati utatha, ndikulima mpunga ndi bambo anga kusikimu ya Bwanje. Amayi anali atatisiya kale. Pakhomo tinalipo awiri, ndipo tinkakangana pafupifupi tsiku lililonse, chifukwa ine pakamwa panga sipachedwa, pomwe iwo ankayankha liwu limodzi m'mawa, lina madzulo.

Za depotiyo tinayamba kuzimva pamisonkhano. Ankati boma lapereka malo pafupi ndi njanji, kampani ina yabwera ndi makina ndi malata, ndipo awiriwa aziyendetsera limodzi. Ankatinso depoti yathuyi siili yokha ayi, ili ndi inzake ku Mozambique ndi ku Zambia, moti thumba likalowa pano azingopatsirana ngati njerwa pomanga tchalitchi, mpaka likafike kwa wogula. Ine ndinaseka. Tinali titawombera kale m'manja miyala ya maziko yambirimbiri imene mpaka lero mbuzi zimagonapo. Koma iyi inamangidwadi, abale. Mpanda wa waya, shedi yaikulu, sikelo yoti lole yonse n'kukwerapo, ndi kagalimoto ka mano awiri konyamulira katundu.

Bambo anali wapampando wa kalabu yathu ya alimi. Akuluakulu a depoti anawauza kuti pa lole yoyamba yopita kutsidya la malire asiyapo malo a matumba mazana awiri a alimi ang'onoang'ono. Tikadzaza malowo pa tsiku lake, akhala athu chaka ndi chaka. Tikalephera, awapereka kwa amalonda akuluakulu amene ankawalirira kale. Bambo anakwera njinga, khomo ndi khomo, kuletsa anthu kugulitsa kwa mavenda. Kuletsa munthu wa kwathu kugulitsa mpunga atangokolola, sopo atatha m'nyumba, ana akunjenjemera ndi mwera opanda majuzi, si masewera. Ena anawatukwana. Ambiri anamvera, poti bambowo sankadziwika ndi bodza.

Kampani inatumiza matumba ake atsopano, oyera mbee, olembedwa zilembo zobiriwira. Pamsonkhano ananenadi kuti thumba lililonse likhale makilo makumi asanu. Ndinalipo, ndinamva ndi makutu angawa. Koma kwathu sikelo anali nayo ndani? Ife thumba tinkaliyeza ndi phazi la venda. Venda ankabwera, kulimenya theche, n'kunena kuti, “Ili ndi lanjala.” Ndiye iwe unkathiramo wina, kutsendera ndi munsi, kenako n'kudula chigamba cha thumba lakale, kuchisokerera kukamwa kwake kuti mulowenso ndowa ina. Timati kuliveka chipewa. Thumba lopanda chipewa venda sankaliyang'ana n'komwe. Tinabadwa tikuziona choncho, ndipo mawu akuti makilo makumi asanu tinangowamva ngati dzina lina la thumba.

Pa nkhani yosoka zipewa, m'dera lonse munalibe wofanana ndi bambo. Msoko wawo sunkataya ngakhale kambewu kamodzi, ngolo igwedezeke bwanji. Ataona matumba a kampaniwo anapukusa mutu.

“Ang'onoang'ono awa,” anatero. “Mpungawu ukupita kwa alendo. Asakanene kumeneko kuti anthu a ku Bwanje ndi oumira.”

Palibe anatsutsa, ngakhale ine wokonda kutsutsane. Masiku atatu ife tinatsendera, bambo akusoka, mpaka matumba onse mazana awiri anavala zipewa, ali ndii ngati asilikali.

Tsikulo tinanyamuka kusanatenthe, ngolo zitandondozana mumsewu, azimayi akululutira ngati tikukapereka mkwatibwi. Bambo anavala jekete yawo ya kutchalitchi. Pofika pa depoti lole inali itaima kale, yaitali, dalaivala wake akutsuka magalasi. Anali bambo wonenepa wa ku Angonia ku Mozambique, wolankhula Chinyanja chomveka bwinobwino, kungoti ankasakaniza ndi timawu ta Chipwitikizi.

Wolandira katundu anali mayi wa msinkhu wanga, atavala chisoti cha pulasitiki ndi jekete yowala. Anatilonjera mwaulemu. Amuna awiri onyamula katundu anagwira thumba loyamba, kulikweza pang'ono, n'kulibweza pansi, akuyang'anana. Anaitana wachitatu. Ataliika pasikelo yaing'ono, mayiyo anayang'ana nambala, anayang'ana thumba, kenako anayang'ana mzere wonse wa ngolo mpaka kugeti.

“Abambo,” anatero motsitsa mawu, “onsewa ali chonchi?”

“Onse, mayi,” bambo anayankha, chifuwa chili patsogolo. “Ndasoka ndekha.”

“Pepani, sindingawalandire.”

Ha! Magazi anandithamangira kumutu. Ndinadumpha pangolo, chitenje chikumasuka, n'kukamuima pamaso.

“Mukuti chiyani? Mpunga wake ndi wonyowa? Muli miyala? Tsegulani muone! Takupatsani wochuluka, inu mukukana. Kodi kusukulu kwanuko anakuphunzitsani kukana zaulere?”

Ndinanena zambiri, zina sindingazilembe pano. Mayiyo anandisiya mpaka mpweya unandithera, ndipo mpaka lero ndikakumbukira manyazi amandigwira, chifukwa sanandibwezere ngakhale liwu limodzi loipa.

“Achemwali, mpunga wanu ndi wabwino,” anatero. “Vuto ndi ili. Mapepala a pachipata cha malire ku Dedza alembedwa kale kuti matumba mazana awiri, lililonse makilo makumi asanu. Lole ikakakwera pasikelo kumeneko n'kupezeka yapyola, aigwira, ndipo katundu wa anthu ena onse agona komweko. Komanso kudepoti ya kutsidyako satsitsa ndi manja ayi, amatsitsa ndi makina ngati awa. Matumba ayenera kufanana kuti asanjike pamatabwa. Ali ndi zipewawa agubuduka.”

Bambo anavula chipewa chawo chenicheni n'kuchigwira m'manja.

“Ndiye kuti ndalakwa powonjezera?”

“Mtima wanu sunalakwe, abambo. Koma sakwera.”

Dalaivala uja anabwera, akupukuta m'manja. Anati iye ayenera kunyamuka nthawi ya thuu koloko, chifukwa kukwera mapiri a Khwekhwerere ndi katundu si kuthamanga, ndipo akachedwa akapeza pachipata atatseka. Ndi matumba athu kapena popanda matumba athu, thuu koloko anyamuka.

Mbiri inayenda ngolo ndi ngolo. Nthungululu zinatha zii. Kunja kwa waya kunali venda wina amene tinamukaniza mpunga chaka chimenecho, atatsamira galimoto lake, ndipo anayamba kufuula akuseka, “Bweretsani kuno! Ine zipewa sindidana nazo!” Malume anga, amene chiyambire sankafuna za depoti, anakweza mawu kuti aliyense amve.

“Alamu, si ndinanena? Mwatigoneka ndi njala mwezi wathunthu chifukwa cha azungu anuwa. Tembenuzani ng'ombe, anthuni, wogula ndi uyo ali apoyo.”

Ngolo ziwiri zakumbuyo zinayambadi kutembenuka. Ndinayang'ana bambo. Ankangoyang'ana ngolo zotembenukazo, munthu amene anayenda khomo ndi khomo kulonjeza anthu. Ndinawamvera chisoni. Ndinadziwa kuti mpungawo ukapita kwa venda, malo athu pa lole apita, ndipo iwo sadzaimanso pamaso pa anthu kunena kanthu.

Bambo anavula jekete, kuipinda bwinobwino, n'kundipatsa. Anatulutsa mpeni m'thumba la buluku, kugwada pa thumba loyamba lija, n'kudula msoko wawo womwe. Mpunga unakhuthukira pasimenti.

“Mayi,” anatero osadzutsa mutu, “sikelo zoterezi muli nazo zingati?”

“Ziwiri.”

“Tibwerekeni.”

Mayiyo sanachedwe. Anatulutsa sikelo yachiwiri, anabweretsa mpukutu wa ulusi, anauza onyamula katundu ake kuti asiye zina zonse. Dalaivala anatsitsa malona ake ofunditsira katundu n'kuwayala pansi kuti mpunga usadetsedwe. Ine ndinathamangira kugeti, ndipo ukali umene ndinaulakwitsa poyamba uja unapeza ntchito. Ndinagwira ng'ombe ya kutsogolo pa chingwe cha m'mphuno.

“Malume, mukadutsa pano mudutse pa ine! Mwadikira mwezi, mukulephera kudikira mpaka thuu koloko? Tsikani, mukagwire thumba!”

Anandinena kuti n'chifukwa chake ukwati unandikanika. Ndinawayankha kuti inde, ndipo lero ndilibe mwamuna wondiletsa. Anthu anaseka, ngakhale malumewo anaseka, ndipo ngolo zinabwerera.

Ntchito yake inali yotere: kudula chipewa, kupungula mpunga, kukweza thumba pasikelo, kuchotsako kapena kuwonjezera ndi mbale mpaka mayiyo anene kuti basi, kenako kusoka. Odula analipo ambiri, opungula ambiri, koma odziwa kusoka msoko woti ukafike dziko lina analipo anayi okha, ndipo zingano zinalipo zitatu. Wachinayi anasula yake pomwepo ndi sipoko ya njinga. Dzuwa la pa Golomoti, ngakhale mwezi wozizira, likafika pamutu silinyengerera. Mungu wa mpunga unatilowa m'khosi ndi m'mabulauzi, thupi lonse kuyabwa. Palibe anakumbuka za chakudya.

Bambo sanadzuke pamene anagwada paja. Matumba ankawabweretsera, iwo n'kumasoka. Dzuwa litapendeka ndinaona ulusi ukutuluka wofiira m'manja mwawo, chifukwa unali utawacheka chala.

“Ababa, pumulani, ndisokeko ine.”

“Msoko wako ndimaudziwa,” anatero. “Ungakafike pafupipa pa Mua pokha.”

Thuu koloko inakwana titatsala ndi matumba makumi atatu. Dalaivala analiza injini. Ndinapita pa chitseko chake, ndipo ulendo uno sindinakalipe, mawu anali atandithera. Ndinangoloza bambo. Iye anawayang'ana nthawi ndithu, mkulu wa imvi ali chogwada pasimenti, malaya atamatirira kumsana. Anazimitsa injini, anatsika, n'kutenga kachitsulo.

“Matayala anga sindinawaone bwino,” anauza mayi wa sikelo uja. “Ndipo ndi ambiri, mukuwaona nokha.”

Mayiyo anayang'ana kumbali ngati sanamve. Dalaivalayo anayamba kugogoda tayala loyamba, kuliyang'anitsitsa, kuligogodanso, kupukusa mutu, n'kupita pa lachiwiri pang'onopang'ono ngati akuyenda pamaliro. Sindinamuonenso munthu ameneyo chichokereni tsikulo, koma ndimamupempherera.

Thumba lomaliza linakwera iye ali pa tayala lakumbuyo kwenikweni. Kagalimoto ka mano kaja kanalinyamula pamodzi ndi anzake, onse ofanana, osanjikika bwino. Anamanga zingwe, mayiyo anadinda mapepala, ndipo lole inatuluka pageti n'kukhotera njira ya ku Dedza. Azimayi analuluta ndi mawu osasa. Venda uja anali atachoka kale, sitinaone n'komwe nthawi imene ananyamuka. Mayi wa sikelo anagwira bambo dzanja ndi manja awiri, n'kunena kuti malo aja ndi athu.

Titatembenuka m'pamene tinauona bwino mulu. Tsiku lonse tinkangopungulira pambali osayang'anako, dalaivala atachotsa malona ake tinakokolera pakona ya shedi, ndipo tsopano unali utafika m'chiuno mwa munthu, kutalika kwake ngati ngolo zitatu. Wina anafunsa kuti nanga uwu ndi wa yani.

“Ndi wanu,” mayiyo anatero. “Ndikupatsani matumba ena. Upita pa lole ya sabata yamawa.”

Tinathira, kuyeza, kusoka, tsopano mosathamanga. Anakwana matumba makumi asanu ndi awiri. Anthu anayamba kuvina pomwepo, malume patsogolo, akuuza aliyense kuti iwo ankadziwa kale kuti depoti ndi yabwino.

Bambo sanavine. Ndinawapeza atakhala pa thumba limodzi, chala atachikulunga ndi kansanza, akuyang'ana mzere wa matumba atsopanowo. Ndinawapatsa jekete yawo, sanaivale.

“Onsewa atuluka m'zipewa?” anafunsa.

“Eya, ababa.”

“Za chaka chimodzi.”

“Chimodzi.”

Anayang'ananso mzere uja. Ndinkayesa akuwerenga phindu, ndipo ndinatsala pang'ono kuwaseka kuti lero mwalemera. Koma nditawayang'ana kumaso ndinaona kuti akuwerenga zaka. Anayamba kusoka zipewa ine ndisanabadwe, ndipo ankanyadira kuti venda sanabwezepo thumba lawo.

Ine sukulu ndinalekezera Fomu 2. Chaka chimene ndinalekezacho bambo anandiitana pakhonde n'kundiuza kuti mpunga sunakwane kulipira fizi, ndikhale kaye pakhomo, ndipo kukhala kayeko kunakhala mpaka kalekale. Sitinazikambenso, ngakhale pa mikangano yathu yonse ija sindinazitchulepo.

“Mwanawe,” anatero, “chaka chija mpunga unakwana. Ndinausokera m'zipewa ndi manja angawa.”

Ndinakhala pansi pambali pawo, pasimenti, ndipo tinalira tonse awiri anthu akuvina.