Keyala ya Amalume a ku Kabwata

Kwathu ku Katete ine ndinali munthu wa keyala. Sindinali wolemera, sindinali bwana. Ndinali kalaliki wamba mu ofesi ina ku Longacres mu Lusaka, wolandira makalata ndi kuwadinda. Koma ofesiyo inali ndi bokosi ku positi, ndipo nyumba yanga ku Kabwata inali ndi nambala pachitseko, basi zimenezo zinakwana kundisandutsa munthu wamkulu. Aliyense wa mbumba yathu akamalembera ku koleji kapena kufunsira ntchito, ankalemba dzina lake, m'munsi mwake dzina langa, kenako Lusaka. Yankho likabwera ndinkalipatsira wa basi yopita kum'mawa. Mwambo umenewu unayamba ndisanakwatire, ndipo palibe anaufunsapo. Ine ndinkaukonda, ndisaname. Ndikapita kumudzi ankandiyalira mpando wabwino, ine n'kukhala mwendo pa unzake ngati makalatawo ndinkawalemba ndine.

Kenako kunabwera makompyuta. Anatiuza kuti za mizere zatha, zonse tizichita pa intaneti. Ndinaphunzira kutayipa ndi zala ziwiri, chamkombaphala cha kuno ndi cha uku, ndipo matama anga anangowirikiza. Kumudzi kunalibe zimenezo. Netiweki inkapezeka pachulu chimodzi kuseri kwa tchalitchi, nayonso ya mawu okha, yodukaduka. Wofuna intaneti ankapalasa njinga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo kuti akafike ku boma, kumene kunali kasitolo ka makompyuta.

Mlongo wanga ndi wamasiye. Mwana wake woyamba, wamkazi, anamaliza maphunziro a uphunzitsi atakhoza bwino zedi, koma anakhala pakhomo zaka zitatu osalembedwa ntchito. Ankathandiza pasukulu ya m'mudzi mwathu momwemo popanda malipiro, chifukwa aphunzitsi anali ochepa, ana ali mbwee. Mayi ake anagulitsa ng'ombe kuti iye aphunzire, ndiye nyumba yonse inkayang'ana kwa iye. Tsiku lina wailesi inalengeza kuti boma likulemba aphunzitsi, koma kufunsira kwake n'kwa pa intaneti basi. Masana ake foni yanga inalira.

"Amalume, ndine. Mwamva pa wailesi?"

"Ndamva kalekale, ife kuno timamva zinthu zisanafike pa wailesi," ndinatero. Bodza lenileni, ndinali nditamva m'mawa womwewo m'minibasi.

"Lachinayi tikupalasa ndi anzanga awiri kupita ku boma, tikalembe fomu."

"Iwe, ukavutikirenji? Amalume ako ali ndi kompyuta patebulo pompano. Ukapse ndi dzuwa chifukwa chiyani? Tumiza masatifiketi pa basi, zotsalazo undisiyire."

"Chabwino amalume. Koma aphunzitsi aakulu anena kuti polemba tisamale pa..."

Foni inaduka pomwepo. Ndinaiyang'ana, ndinaiika m'thumba. Ndikanatha kuimbanso, chifukwa ndinkadziwa kuti akadali pachulu paja akuzungulira ndi foni m'mwamba. Koma ndinati mphunzitsi wamkulu wa kumudzi angandiuze chiyani ine za fomu? Ine amene ndadinda mafomu mpaka dzanja kuchita chikanga!

Masatifiketi anafika atakulungidwa m'pepala la pulasitiki, atamangidwa ndi ulusi wa thumba. Ndinadikira nthawi ya nkhomaliro, ndinakwinya manja a malaya, n'kukhala pa kompyuta. Mnzanga wa tebulo loyandikana, Mbemba wa ku Copperbelt, anasuzumira n'kundipatsa moni m'chinenero chakwawo.

"Shani ba mudala, mwayamba kufuna nchito ya uticha?"

"Ndikuthandiza mwana wa kumudzi," ndinayankha mokweza kuti ofesi yonse imve. "Kumene kuja kulibe zinthu izi."

Dzina ndinalemba. Tsiku lobadwa ndinalemba. Magiredi ndinalemba ndikumwetulira ngati mayesowo ndinakhoza ndine. Nditafika pa keyala sindinaime n'komwe, zala zinangopita zokha: Kabwata. Pofunsa boma limene munthu akukhala, ndinasankha Lusaka. Nambala ya foni ndinaika yanga, poti yake sipezeka. Ndinadziyamikiranso mumtima kuti mabwana akaona Lusaka adziwa kuti uyu ndi mwana wa anthu ozindikira, osati wa kutchire. M'munsi mwa bokosilo munali timalemba tofiira ta Chingerezi. Ndinatiwona. Sindinatiwerenge, chifukwa magalasi anali m'jekete, ndipo sindinkafuna kuti mnzanga uja aone kuti maso ayamba kunditha. Ndinatumiza, ndinasindikiza kope, n'kupita kukadya chimanga chootcha ndi mtima woyera.

Patapita miyezi, maina anatuluka m'nyuzipepala, boma lililonse ndi mndandanda wake. Ndinaigula m'tauni pafupi ndi siteshoni ya mabasi, ndinaima pakhonde la sitolo anthu akundigunda mapewa, chala chikutsika mzere ndi mzere. Pa Katete panalibe. Pa Lusaka panalibe. Ndinabwereza katatu. Anzake awiri aja opalasa njinga analipo onse, ndipo ndinkadziwa kuti m'kalasi ankakhala pambuyo pake.

Mwana wa mlongo wanga anaimba foni madzulo dzuwa lisanalowe. Sanalire, ndipo zikanakhala bwino akanalira.

"Amalume, mwina ine ndine wosakhoza. Mwina magiredi aja sali kanthu."

"Ayi mwanawe, ndi makompyuta awa," ndinatero. "Amasokoneza zinthu. Netiweki ya masiku ano njosadalirika." Ndinalankhula zambiri, za makina, za mwayi, za nthawi ya Mulungu. Panthawiyo ndinkakhulupiriradi kuti wolakwa ndi wina.

Amene anatulukira ndi mkazi wanga. Iye ndi wa ku Luapula, amagulitsa zitenje pamsika wa Kabwata, ndipo Chingerezi amawerenga bwino kuposa mmene ine ndimavomerera pagulu. Loweruka lina akupukuta kabati anapeza kope lija. Ndinali panja ndikupolisha nsapato.

"Imwe, bwelani muone vamene munalemba apa."

"Ndinalemba bwinobwino, siya mapepala a ntchito."

"Belengani apa pansi. Valani magalasi."

Ndinavala. Timalemba tija tinkati munthu adzaganiziridwa m'boma limene walemba kuti akukhala, ndipo okhala kumidzi ndiwo adzayambe kutengedwa, kuti akaphunzitse kwawo. Ine ndinamuchotsa mwana kwawo, kumene sukulu inkalira aphunzitsi, n'kudzamuponya mu Lusaka, mmene malo anali ochepa, ofuna ntchito ali ngati nyerere. Ndicho chimene mphunzitsi wamkulu uja ankati asamale. Kalanga ine! Safunsa anadya phula, koma ine phulalo ndinadyetsa mwana wa mlongo wanga.

Ndinayamba ndi kukalipa, monga amachitira mwamuna wogwidwa. Ndinati zilembo zofunika salemba zing'onozing'ono choncho. Ndinati keyala imeneyi yathandiza mbumba yonse zaka zambirimbiri. Mkazi wanga anangondiyang'ana, nati, "Manje muzabauza liti?" Ndinati mawa. Mawa limenelo linatenga miyezi iwiri. Ndinkapita kuntchito, ndinkaimba kwaya ya amuna kutchalitchi, foni ya kumudzi ikalira ndinkati ndili pamsonkhano. Ndinkachita manyazi, koma mantha otaya ulemu anali aakulu kuposa manyaziwo.

Ndiye tsiku lina ndikubwera kuntchito ndinapeza mlongo wanga atakhala pamkeka pakhonde, fumbi la ulendo likadali kumapazi. Pambali pake panali thumba la mtedza, maungu awiri ndi tambala womangidwa miyendo.

"Alongo, ndabwera kudzathokoza," anatero akuwomba m'manja. "Ntchito sinapezeke, koma inu munayesetsa. Ena amalume awo sawayang'ana n'komwe. Ife tikanatani popanda inu?"

Abale inu, kunyozedwa kuli bwino. Tambala uja anaphedwa, anaphikidwa, ine anandipatsa nthutumba monga mwini nyumba. Mkazi wanga ankangondiwonjezera msuzi akundiyang'ana m'maso. Nditasamba m'manja ndinakatenga pepala lija, ndinakhala pansi pamkeka, osati pampando, n'kufotokoza zonse. Za keyala, za foni imene sindinaimbenso, ngakhale za magalasi.

Mlongo wanga sawerenga Chingerezi, koma pepalalo analigwira nthawi yaitali.

"Ndiye kuti sanalephere?"

"Sanalephere. Ndinalakwitsa ndine."

"Mwana wanga wasiya kudya bwino. Satifiketi yake anaichotsa pakhoma, akuti ikumuchititsa manyazi. Miyezi iwiri inu mukudziwa?"

Ndinati ndimuimbira foni mawa lomwe.

"Ayi," anatero. Mlongo wanga chibadwire anali asanandikanizepo kanthu. "Za pafoni zakwana. Mukamuuze ndi pakamwa panu, akuwoneni nkhope."

Tinakwera basi limodzi Lachisanu. Ulendo wonse sanandilankhule kupatula pondipatsa nthochi pa mlatho wa Luangwa. Lolemba m'mawa ndinapita kusukulu kuja. Mwana uja ndinamupeza pansi pa mtengo wa mango ndi ana a giredi yachiwiri, bolodi atalitsamiritsa pa thunthu, akuwaphunzitsa kuwonkhetsa ndi zitsekerero za mabotolo. Anzake awiri aja anali atawatumiza kale kusukulu zina ndi malipiro awo. Atandiwona anauza ana kuti awerenge okha, anabwera, anagwada patsogolo panga monga mwa mwambo.

"Mwafika liti, amalume? Kunyumba kuli bwino?"

Ndinamuuza kuti adzuke, anakana. Choncho ndinalankhula ndili chiimire, ine wolakwa, iye wolakwiridwa ali chogwada m'fumbi. Mawu amene ndinakonza m'basi onse anathawa. Ndinangoti, "Mwanawe, sunalephere. Pa fomu paja ndinalemba kuti umakhala ku Lusaka. Ndinalakwa, undikhululukire."

Anayang'ana pansi. Ana aja anasiya kuwerenga, onse maso kwa ife. Ndinaona dontho limodzi likugwera pa chitenje chake, kenako lina. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo mumtima ndinkafuna atakalipa.

"Ndiye kuti magiredi anga ali bwino?"

"Ali bwino kwambiri."

"Zikomo amalume, ndamva." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Ine pofuna kudziwombola ndinathamangira kunena kuti akadzalengezanso ndidzakhala tcheru, ndidzawerenga chilembo chilichonse, ndidzamulembera bwino kuposa poyamba.

Anadzuka, anasasa fumbi m'mawondo, nayankha mwaulemu wonse umene anamuphunzitsa mayi ake.

"Musavutike, amalume. Ndidzapalasa ndekha."

Anabwerera kwa ana ake. Ndinaima pamenepo kanthawi ndi chipewa m'manja, koma palibe anandiyang'ananso.